Chitini cha Penti

Unabwera nalo m'chitini cha penti, Dailesi,
tsiku lomwe ntchito yako inatha
kunyumba kwa manijala wa esiteti.
Anzako anapempha mapoto akale, makatani, nsapato za ana.
Iwe unapempha timizu titatu
tonenepa ngati chala chamanthu,
n'kutisenza wapansi m'mizere ya tiyi
mpaka kuno ku Chitakale.

Ndinaseka. Ndinati, ndiwo zake n'ziti pamenepa?
Unati dzina lake ndi okidi, ndipo sitidya.
Ndinati, basi ndi udzu.
Sunayankhe, unangotenga khasu langa.

Unakumba pansi pa mtengo wa mapeyala
pomwe dzuwa limangopereka moni wam'mawa n'kudutsa.
Unasakaniza dothi ndi makungwa ofumbwa a paini,
makala ophwanya, ndi mchenga wa ku Likhubula.
Sunakwirire kwambiri.
Unati limafuna kumva anthu akuyenda pamwamba.

Chaka chomwe unatisiya
ndinatsala pang'ono kulipha.
Ndinkathirira m'mawa, masana, madzulo,
poti manja angawa analibe china chogwira.
Masamba anachita chikasu, tsinde linalefuka,
nditafukula linandilonjera fungo la chinangwa chovunda.
Mizu iwiri inali phala.
Umodzi unali gwa.

Ndinaphunzira mochedwa, monga mwa chizolowezi changa:
kupisa chala m'dothi ndisanagwire ndowa,
kutola nkhono usiku ndi tochi ya pafoni
n'kukaziponya kutsidya kwa msewu wa ku Muloza,
kuzinga mpanda wa nsungwi
chifukwa nkhuku za a Namakhwa sizidziwa malire.
Eni ake nawonso anabwera ndi mbale,
akuti mizu yotere ikhoza kukoma m'chikande.
Ndinawapatsa mapeyala anayi kuti azipita.

Mu Juni chiperoni chikatsika,
chikameza Chambe ndi otchola tiyi omwe,
masamba amauma, amagwa,
pamatsala dothi lokha ngati sipanamerepo kanthu.
Layisoni, mdzukulu wako, anafuna kufesapo mpiru.
Anati, agogo, malo akungokhala awa.
Ndinam'landa khasu.
Sindinadziwe kufotokoza kwake,
ndinangoti, pali wina akugona pamenepo.

Kenako namondwe uja.
Phiri linasanza miyala usiku,
madzi anatenga khitchini, mbuzi ziwiri,
ndi anthu omwe tinkapatsana nawo moto.
Mtengo wa mapeyala unapendekeka mpaka lero.
Masiku atatu ndinkakumba matope
kufunafuna mbale ndi mapepala a penshoni.
Pamalo pako ndinangokokolola matopewo ndi manja,
nkhope nditayang'ana kumbali.
Ndinali nditaona zofukulidwa zokwanira.

Novembala, mvula yoyamba itanunkhiritsa fumbi,
ndikupita kukataya phulusa,
ndinaona nsonga zobiriwira zitaboola dothi.
Ndinawerenga. Ndinabwerezanso ndi chala.
Zisanu, Dailesi.
Ndinakhala pansi pomwepo, phulusa lili m'manja.

Lero maluwa atsegula asanu ndi anayi,
mtundu wake ngati duwa la mbatata, koma wakuya,
lililonse ndi kamlomo kopindapinda
ngati mpendero wa diresi lako la pa Khirisimasi.
Sanunkhira.
Odutsa ndi njinga za nanazi sacheuka n'komwe.
Pakatha milungu itatu adzafota,
ndipo ndidzadula mapesi ake ndi lezala
monga unkachitira, pamwamba pang'ono pa dothi.

Layisoni wapeza ntchito ku Limbe.
Dzulo anaima pampandapo nthawi yaitali
asanandipemphe muzu umodzi.
Ndamuuza adikire masamba aume,
tidzagawe ndi mpeni woyera,
pabala tidzapake phulusa,
ndipo akadzalisowa mtendere, akadzasungulumwa m'tauni,
asakalangire duwa ndi madzi.
Wandiyang'ana ngati ndayamba kusokonekera.

Chitini chako chija chikadalipo, chadzimbiri.
Ndachitsuka,
ndachiboola pansi ndi msomali kanayi,
chili pawindo, chikudikira Juni.